Musanaitanitse ndolo za ng'ombe pa intaneti, tengani rula

Chaka chatha, Loweruka lina m'mawa, amalume anga a ku Ngabu anandiimbira foni. "Aphunzitsi," amandiitana choncho akafuna kundituma, "paja inu za pa intanetizi mumazidziwa. Ndiitanitsireni ndolo za ng'ombe zanga. Pakhale dzina langa lonse ndi la mudzi, komanso zikhale zija zimaulula komwe ng'ombe ili akaiba."

Ndolo zimene ankanenazo ndi matagi, tizipulasitiki tokhala ndi nambala timene amamangirira pakhutu la ng'ombe. Masiku ano pali ogulitsa ambiri pa intaneti amene amakulemberani pa tagi chilichonse chimene mwafuna, inu n'kusankha mtundu ndi kukula kwake. Amalumewo anali atangoberedwa ng'ombe ziwiri, ndipo mtima unali m'mwamba. Ng'ombe imodzi kwa iwo ndi fizi ya mwana, ndi malata a nyumba, ndi ndalama ya kuchipatala.

Ndinafulumira. Ndinaona chithunzi chokongola, mtengo wotsika, ndinalemba dzina lija n'kulipira. Katundu atafika ndinachita manyazi. Matagiwo anali aang'ono, oyenera mbuzi, ndipo zilembo zake zinkawerengeka pokhapokha utaigwira ng'ombeyo nyanga. Dzuwa la ku Chigwa cha Shire litawomba miyezi ingapo, inki inayamba kufufuma, dzina la amalume n'kusanduka mthunzi chabe. Ine amene ndimakalipira a Fomu 3 akaiwala kulemba mayunitsi, ndinagula chinthu osayang'ana mamilimita ake.

Maganizo anga lero ndi awa: tagi si chokongoletsera, ndi chida chowerengera. Amene akuitanitsa ayambe wafunsa ngati nambalayo idzawerengeke patali, ngati idzapirire dzuwa, ndiponso ngati pali kope limene nambalayo ikulozako. Zina zonse zibwere pambuyo. Ndipo mafunso amenewa mungathe kuwayankha ndi Fizikisi imene mukuphunzira kale.

Tiyambe ndi diso. Mukapita kukapimitsa maso, amakuimikani pa mtunda wa mamita 6 kuti muwerenge zilembo za pa tchati. Munthu wa maso abwino amawerenga mzere umene zilembo zake n'zazitali mamilimita pafupifupi 9. Gawani mamita 6 ndi mamilimita 9, mupeza kuti chilembo chimawerengeka pa mtunda woposa kutalika kwake pafupifupi maulendo 700. Ndiye kuti nambala yaitali sentimita imodzi mungaiwerenge muli pa mamita 7, ndipo ya masentimita 3 muli pa mamita 20 kapena kuposerapo pang'ono. Kumbukirani kuti tchati cha kuchipatala sichigwedeza makutu pothamangitsa ntchentche, ndiponso sichikhala ndi fumbi. Kukhola mtundawo umachepa kwambiri.

Tsopano tiyerekeze kuti malo olembapo pa tagi ndi masentimita 6 m'lifupi. Mukalembapo dzina la zilembo 16, chilembo chilichonse chimapeza malo osakwana mamilimita 4, ndipo kutalika kwake sikungapitirire mamilimita 5 kapena 6. Chulukitsani ndi 700: muyenera kuima pa mamita 3 kapena 4 kuti muwerenge, ndipo nkhunzi yolusa singakuloleni kufika pamenepo. Koma mukalembapo manambala atatu okha, iliyonse imapeza masentimita 2 m'lifupi, itha kutalika masentimita 3, ndipo mungaiwerenge muli kunja kwa khola. Chilembo chilichonse chimene mwawonjezera chimalanda malo a zinzake. N'chifukwa chake ndimati kutsogolo kwa tagi kukhale nambala basi, yakuda bii pa pulasitiki yachikasu kapena yoyera. Chakuda chimamwa kuwala pafupifupi konse pamene chachikasu chimabweza kwambiri, ndipo diso limagwira msanga kusiyana kumeneko. Ngati mwini wake akufunitsitsa dzina kapena nambala ya foni, zilembedwe kumbuyo. Kumeneko n'zothandizadi ng'ombe ikasochera n'kugwidwa ndi munthu wachilungamo.

Nanga inki ija inapita kuti? Kuwala kwa dzuwa kumabwera m'timagawo ta mphamvu totchedwa photon, ndipo mphamvu ya kalikonse imatengera frequency yake, paja E = hf. Kuwala kofiira kuli ndi photon za mphamvu pafupifupi 1.8 eV. Kuwala kwa UV, kumene maso athu sakuona, kumafika pa 4 eV. Mgwirizano wa pakati pa ma atomu awiri a carbon, umene umamanga pulasitiki ndi utoto wambiri, umaduka ndi mphamvu pafupifupi 3.6 eV. Mwaona? Kuwala kofiira kungawombe chaka chonse osadula kanthu, koma UV amadula mmodzimmodzi tsiku ndi tsiku. Mwazionapo kale zimenezi pa beseni la pulasitiki losiyidwa panja: limayamba kutuwa, kenako limathetheka mukangolinyamula.

Choncho poitanitsa werengani mawu aang'onoang'ono ali pansi pa chithunzi. Matagi abwino amapangidwa ndi pulasitiki yofewa yotchedwa polyurethane, imene imapindika ng'ombe ikakodwa paminga m'malo mothyoka, ndipo amaisakaniza ndi mankhwala oteteza ku UV. Funsaninso mmene amalembera nambala. Inki imangokhala pamwamba ngati choko pa bolodi. Laser imatentha pulasitiki yeniyeniyo n'kuisandutsa yakuda, moti nambala imakhala mbali ya tagiyo. Yolembedwa ndi laser imadula pang'ono, koma kugula kawiri ndiye kodula zedi. Ndikudziwa chifukwa ndinalipira ndekha ulendo wachiwiriwo, amalume sindinawapemphe.

Tifike pa pempho lawo lachitatu, la tagi youlula komwe ng'ombe ili. Apa ndi pamene anthu ambiri amapusitsidwa. Pali matagi amagetsi otchedwa RFID, ndipo kagwiridwe kake ka ntchito n'kosangalatsa. Mkati mwake mulibe batire. Muli kawaya kokulungidwa kambirimbiri ndi kachipangizo kakang'ono kosunga nambala. Makina owerengera amatulutsa mphamvu ya maginito yosinthasintha maulendo 134,200 pa sekondi, ndiye kuti 134.2 kHz. Mphamvu imeneyi ikadutsa m'kawaya kaja imayambitsa magetsi, monga anatulukira Michael Faraday mu 1831, zomwe zija mumajambula pophunzira za transformer. Magetsi ochepawo amadzutsa kachipangizoko, ndipo kamayankha ndi nambala yake ya madijiti 15. Mukachotsa makinawo, tagi imagonanso.

Taonani tanthauzo lake. Mphamvu ya maginito imachepa msanga mukamatalikira, choncho makinawo ayenera kukhala pafupi ndi khutu, kawirikawiri osapitirira mita imodzi. Tagi yotere singakuuzeni kuti ng'ombe yanu yawoloka Shire. Imangoyankha funso limodzi, loti "ndiwe yani?", ndipo imayankha pokhapokha wina ataifunsa chapafupi. Kuti mudziwe komwe chiweto chili pamafunika GPS, ndipo GPS imafuna batire kapena kasola, netiweki yotumizira uthenga, ndi ndalama zambiri. Kwa mlimi wa ng'ombe 20 amene alibe makina owerengera, ndipo oyandikana naye alibenso, kugula RFID kuli ngati kugula wailesi m'mudzi mosafika siteshoni.

Sindikunyoza RFID ayi. Imagwira ntchito yaikulu pamene dziko lonse lagwirizana. Dziko la Botswana, limene limagulitsa nyama ya ng'ombe ku Ulaya, linakhazikitsa ndondomeko yotsata ng'ombe iliyonse chifukwa ogula kumeneko amafuna kudziwa komwe nyama yachokera. Poyamba ankameza ng'ombe kachipangizo kokhala m'mimba, kenako anasamukira ku matagi a pakhutu. Mphamvu ya ndondomeko yotere ili mu kaundula amene aliyense amamukhulupirira, osati m'kapulasitikiko. N'chifukwa chake musanaitanitse kanthu, yambani mwafunsa alangizi a ziweto a kwanuko ngati pali manambala kapena malamulo amene boma likufuna kuti mutsatire.

Ena mwa inu mukuti, "Koma aphunzitsi, agogo athu ankadziwa ng'ombe iliyonse ndi mawanga ake ndi dzina lake, popanda tagi." N'zoona, ndipo mbusa wa amalume amazidziwa zonse ngakhale kuli chisisira. Ena mukuti wakuba amangodula tagiyo ndi mpeni. N'zoonanso, sizitenga ngakhale mphindi. Tagi si loko, ndipo amene angakuuzeni kuti imaletsa kuba akukunamizani. Koma zimene zili m'mutu mwa mbusa zimachoka naye akapita kukafuna ganyu m'tauni. Wapolisi sangalembe mu lipoti kuti "ija ya mawanga yokonda kutsalira m'mbuyo". Mlangizi akabwera kudzabaya katemera, kapena kukagwa matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi monga zimachitikira nthawi zina ku Chikwawa ndi ku Nsanje, pamafunika kudziwa kuti yabayidwa ndi iti, yatsala ndi iti. Ndipo wakuba akadula tagi, bowo limatsala pakhutu, pomwe kope lanu likadali ndi nambala, tsiku lobadwa, mayi wake, ndi chithunzi cha mawanga ake mbali zonse ziwiri. Umboni wagona m'kopemo. Tagi yopanda kope ili ngati nambala ya mayeso imene ku MANEB kulibe dzina lake.

Chomaliza ndi kamangidwe. Tagi imakhala ndi zidutswa ziwiri, china chili ndi msomali wosongoka umene umaboola khutu n'kukakola m'chinzake. Msomaliwo umalowa mosavuta chifukwa nsonga yake ndi yaing'ono, paja P = F/A. Lamulo lomweli likhoza kukutembenukirani. Mukaika tagi m'mphepete mwa khutu, mnofu wogwira umakhala wochepa, ndipo tagi ikakodwa pawaya mphamvu yonse imagwera pamalo aang'onowo, khutu n'kung'ambika. Malo ake ndi pakati pa khutu, pakati pa timizere tiwiri tolimba timene mumatimva mukalipapasa. Chida chobowolera, chooneka ngati pulayala, chikhale chogwirizana ndi matagi amene mwagula, chifukwa si zonse zimalowana, ndipo msomali uviikidwe m'mankhwala ophera tizilombo musanaboole. Ngati simunachitepo, itanani alangizi akuonetseni pa ng'ombe yoyamba.

Ndikulemba izi kwa inu chifukwa m'mabanja ambiri ndinu amene mumagwira foni. Tsiku lina bambo, agogo kapena amalume adzakupatsirani ndalama ya mbuzi yathunthu n'kunena kuti, "Taitanitsa, iwe wa kusukulu." Musadzachite ngati ine. Chithunzi cha pa intaneti chilibe sikelo. Tagi ya mbuzi ndi ya ng'ombe zimaoneka zofanana pa foni. Pezani mamilimita ake, jambulani kukula komweko pa katoni, lembanipo nambala ndi makala, kolekani pamtengo, ndipo bwererani m'mbuyo mukuwerenga mapazi mpaka nambalayo isokonekere. Ngati wogulitsa sanalembe muyeso, mtundu wa pulasitiki ndi kalembedwe kake, ndipo mukamufunsa sakuyankha, musiyeni.

Matagi achiwiri a amalume ndi achikasu, a manambala atatu, nambala ya foni ili kumbuyo. Poyamba anadandaula kuti dzina lawo silikuoneka. Kope analipereka kwa mdzukulu wawo wa Fomu 2, ndipo ndi iye amene amalemba mwana wa ng'ombe akabadwa. Nditapitako pa holide ndinawapeza atatsamira mpanda wa khola madzulo, akuitana manambala mokweza, mtsikanayo akuchonga. Atafika pa 014 anaima, n'kufunsa kuti inabayidwa liti. Yankho linali pa tsamba lachitatu.