Mfuti ya mmudzi idzabwezedwa kwa yani?

Zigawenga zitaukira tawuni ya Mocímboa da Praia pa 5 Okutobala 2017, ambiri ku Malawi kuno tinkati imeneyo ndi nkhani ya Cabo Delgado. Koma pofika kumapeto kwa 2021 zinalowa m'boma la Mecula ku Niassa, chigawo chomwe timamwa nacho nyanja imodzi. Asilikali a boma atachepa mphamvu, anthu akumudzi anayamba kudziteteza okha. Kunabadwa gulu la Força Local, lomwe ambiri mwa atsogoleri ake anamenya nawo nkhondo ya ufulu, ndipo mu 2022 kunadzukanso a Naparama, onyamula mauta ndi zikwanje. Mu 2023 boma la Mozambique linavomereza Força Local mwalamulo.

Ine sindiwaweruza anthu amenewa. Amene nyumba yake yatenthedwa sangadikire chilolezo chochokera ku Maputo. Funso langa nlakuti nkhondo ikadzatha, mfutizo zidzapita kuti?

Iraq inadutsamo kale. Mu 2006 mafumu a Asilamu achisunni m'chigawo cha Anbar anatopa ndi nkhanza za al-Qaeda, nakhazikitsa gulu la Sahwa motsogozedwa ndi Abdul Sattar Abu Risha, yemwe anaphedwa ndi bomba mu Seputembala 2007. Anyamata pafupifupi 100,000 ankalandira madola 300 pamwezi kuchokera kwa America, ndipo anapirikitsadi zigawenga. Apa mpomwe ndimatsutsana ndi anzanga ena akuyunivesite amene amaloza Msilamu aliyense chala: omwe anathyola msana al-Qaeda anali Asilamu. Koma boma la Nouri al-Maliki litalandira udindo wowasamalira, malipiro anayamba kuchedwa ndipo ntchito zomwe analonjezedwa zinapezeka zochepa. Ena anaphedwa, ena anagwa mphwayi, ndipo mu Juni 2014 gulu la Islamic State linalanda mzinda wa Mosul.

Ife a ku Chibanja phunziroli tili nalo pakhomo. Mu Disembala 1993, mu Mzuzu momwe muno, a Malawi Young Pioneers anawombera asilikali a ku Moyale Barracks. Zotsatira zake zinali Operation Bwezani, pomwe asilikali anachita kulanda zida mokakamiza, ndipo apayoniya ambiri anathawira ku Mozambique. Gulu lomwe linayamba ngati la chitukuko cha achinyamata linafika polimbana ndi asilikali a dziko lomwelo.

Tsono maganizo anga ndi awa. Boma lililonse lopereka mfuti kwa anthu wamba lilembe dzina la wolandira ndi nambala ya mfutiyo, limulipire pa nthawi yake, limuimbe mlandu akazunza munthu, ndipo likonzeretu ntchito yomwe adzagwire akadzatula zida. Kulephera apo ndiye kulera nkhondo ina.

Boma lathunso lisadikire moto. Achinyamata osowa ntchito m'mbali mwa nyanja ndi omwe zigawenga zingayambe kuwanyengerera, ndipo mashehe ndi mafumu ndi omwe angazindikire msanga. Akayankhula, tiwamvere. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.