Timu ya Zimbabwe Idagonja Isanakwere Ndege

Kiriketi si masewero amene ambiri a ife tidakula nawo, koma zimene zimaichitikira timu ya dziko la Zimbabwe ikapita kunja n'zoyenera kuti tizikambe, pakuti nthenda yake timaidziwa.

M'mwezi wa May 2025 timuyi idakasewera ndi England ku Nottingham, masewero a Test oyamba pakati pa maiko awiriwa chichokere 2003. Tsiku loyamba lokha England idapeza ma run 498. Pa tsiku lachitatu zonse zidatha: England idamenya mpira ulendo umodzi, Zimbabwe maulendo awiri, komabe idapereweredwa ma run 45. Mnyamata wa zaka 21, Brian Bennett, adapeza 139 yekha, kusonyeza kuti luso lilipo. Oponya mpira ndiwo adachititsa manyazi, ndipo sindikufuna kuwabakira.

Koma amene akudabwa ndi zimenezi adaiwala za March 2005, pamene timuyi idapita ku South Africa. Pa bwalo la Newlands ku Cape Town, Zimbabwe yonse idatuluka ndi ma run 54 basi, ndipo masewero oyenera kutenga masiku asanu adatha m'masiku awiri. Jacques Kallis adafika pa 50 atangomenya mipira 24, ngati akusewera ndi ana a sukulu. Ku Centurion adagonjanso chimodzimodzi. Kaputeni Tatenda Taibu anali ndi zaka 21 zokha.

Ana amenewa adawaponya m'moto ndani? Mu February 2003, Andy Flower ndi Henry Olonga adavala nsalu yakuda pamkono pa masewero a chikho cha dziko lonse ku Harare, ati kulira maliro a demokalase m'dziko lawo pa ulamuliro wa a Mugabe. Onse awiri adachoka m'dzikomo, ndipo Olonga, wakuda woyamba kusewerera Zimbabwe masewero a Test, adaopsezedwa kuti aphedwa. Flower uja England idam'tola, nakhala mphunzitsi wa timu yake. Mu April 2004 kaputeni Heath Streak atadandaula za kasankhidwe ka osewera, bungwe la Zimbabwe Cricket Union lidam'chotsa, ndipo anzake oposa khumi adanyanyala.

Ndikudziwa kuti ena anena kuti masewerowa anali m'manja mwa azungu ochepa ndipo kunali koyenera kutsekulira akuda khomo. Zoona zimenezo. Koma kutsekula khomo ndiko kumanga mabwalo ku Highfield ndi ku Chitungwiza, kulipira aphunzitsi, kupirira zaka zingapo. Akuluakulu a bungweli adasankha njira ija timaidziwa ife amene tidakhalapo pansi pa chipani chimodzi: wofunsa funso ndiye mdani. Ndipo sidali nkhani ya khungu lokha ayi, chifukwa Taibu nayenso adatula pansi udindo mu November 2005 atakangana nawo.

Mu 2006 Zimbabwe idadzichotsa yokha pa masewero a Test mpaka 2011. Mu 2019 bungwe la ICC lidaiimitsa kwa miyezi itatu chifukwa boma lidalowerera nkhani za masewerowa. Anyamata a ku Nottingham aja adakula m'zaka zimenezi, akusewera ma Test owerengeka. Tiwadzudzule inde pa kaponyedwe kawo, koma ndikufuna kumva kuti ndi mkulu uti wa bungweli amene adayitanidwapo kuti afotokozere anthu a ku Zimbabwe za zaka makumi awiri zimenezi.