Akalipentala a pa Kanema: Tingawaone Bwanji Tiri Kuno?

Foni imene iri m'thumba la mnyamata wanu ndi cinthu ca nkhope ziwiri. Ingathe kumudyera tsiku lathunthu ndi magule a anthu osawadziwa, ingathenso kumukhazika pambali pa mmisiri wa matabwa amene wakalambira pa nchito yake, namuonetsa mwacifatse m'mene citseko ca kabati cimamangidwira. Bandulo yogula ndi imodzimodzi. Mwezi uno tsono ndifuna tikambirane za mapulogalamu awiri a ukalipentala amene anachuka pa wailesi ya kanema ku America, ndiponso za njira zimene munthu wokhala ku Chipata, ku Katete kapena m'komboni ya mu Lusaka angawaonere, pakuti nkhaniyi siiri yapafupi monga m'mene ena amaiganizira.

Pulogalamu yoyamba ichedwa The New Yankee Workshop. Inayamba mu 1989 nitha mu 2009, ndipo m'zaka 21 zimenezo inatulutsa zigawo 284. Mmisiri wake anali Norm Abram, mwana wa kalipentala, munthu wa ndevu ndi wolankhula mosathamanga. Woikonza anali Russell Morash wa ku nyumba ya kanema ya WGBH mu mzinda wa Boston, ndipo shopu imene anthu anali kuiona pa kanema inali kuseri kwa nyumba yake ya Morash yemweyo, m'tauni ya Lexington. Kacitidwe kake kanali kotere: Abram anali kupita ku nyumba yosungiramo zinthu zakale, napeza tebulo kapena kabati yopangidwa ndi amisiri a makedzana, naipima mbali zonse, kenaka nabwerera ku shopu kukapanga ina yofanana nayo, kuyambira pa thabwa losapala kufikira pa vanishi. Zonsezi m'nthawi yosakwana bwino theka la ola. Cigawo coyambirira ceniceni cinali ca kakabati kosungiramo mankhwala, caciwiri cinali ca benchi yogwirirapo nchito, ndipo m'caka coyambaco munalinso bokosi la mabulangeti, shelefu ya mabuku ndi kabati ya madilowa.

Kwa nthawi yaitali anthu ambiri a kunja kwa America analibe njira yapafupi yoonera zimenezi. Zinthu zinasintha kuciyambi kwa 2023, pamene eni ake anayamba kuika zigawozo pa YouTube kwaulere, pansi pa dzina lomwelo la pulogalamu. Morash anamwalira mu 2024, atatsegula kale nkhokwe yake kuti aliyense atapemo. Motero pa pulogalamu iyi bvuto n'locepa. Tsegulani YouTube, lembani dzina lonse la pulogalamu, ndipo onjezani dzina la cinthu cimene mufuna kupanga. Muyenera kucilemba m'Cingerezi, popeza makinawo safunafuna m'cinenero cathu: benchi ija ndi workbench, bokosi la mabulangeti ndi blanket chest. Zithunzi zolembedwa miyeso yonse amazigulitsa pa tsamba lao la newyankee.com, koma mnyamata wa maso akuthwa, wokhala ndi kope ndi pensulo, angathe kutola miyeso yambiri pongomvetsera.

Pano ndicenjezepo. Mukalemba dzina la pulogalamu yochuka iriyonse pa intaneti, pamatuluka masamba ena olonjeza kuti zigawo zonse ziri pamenepo, mungolembetsa cabe. Amayamba kufunsa nambala ya foni, kenaka nambala ya khadi la ku banki, mwina kukuuzani kuti muike kapulogalamu kena m'foni mwanu kuti kanema atseguke. Cikomekome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere. Cinthu cimene mwini wake wacipereka kwaulere, wina asakulipiritseni. Ndipo nambala yacinsinsi ya ndalama za pa foni isalembedwe pa tsamba liri lonse la mtundu umenewu, ngakhale litaoneka laulemu cotani.

Pulogalamu yaciwiri ndiyo imene mtima wanga uli pa iyo, ndipo mwatsoka ndiyo yobvutirapo kuipeza. Dzina lake ndi The Woodwright's Shop, mmisiri wake Roy Underhill. Inayamba mu 1979 ku North Carolina, inafalikira m'dziko lonse la America mu 1981, ndipo inayenda kufikira 2017. Underhill sagwira makina a magetsi ai. Zida zake ndi nkhwangwa, kasemasema, sowo ya manja, puleni, chizulo, ndi makina ozunguza mtengo oyendetsa ndi phazi. Kawirikawiri amayambira pa cipika ceniceni, kucing'amba ndi mphero motsata mitsempha yake, monga anali kucitira agogo athu posema mipini ndi mitondo. Cigawo ciri conse anali kucijambula ulendo umodzi osaimitsa, kotero kuti woonera amaona zonse: thukuta, kupuma mwabefu, thabwa lokana kulowa, ngakhale magazi pa cala pamene chizulo caterereka. Ena amamuseka cifukwa ca phuma lake. Ine ndimati ndiye woona, pakuti nchito ya matabwa imakhaladi tero, ndipo mnyamata woona mmisiri wamkulu akulimbana ndi thabwa sataya mtima lake likamukana.

Kwao kwa pulogalamu imeneyi ndi tsamba la PBS, bungwe la wailesi za kanema zophunzitsa anthu ku America. Mukafikapo muli kuno, dzina la cigawo mudzaliona, cithunzi cake mudzaciona, koma mukakhudza kuti kanema ayambe, mwacidziwikire mudzauzidwa kuti saonetsedwa m'dera lanu. Foni yanu siinaonongeke, ndipo musathamangire kukagula bandulo ina. Cimene cimacitika n'cakuti foni iri yonse ikalowa pa intaneti imapatsidwa nambala yoizindikiritsa, ndipo nambalayo imaulula dziko limene muli. Cilolezo coonetsa mapulogalamu cimaperekedwa dziko ndi dziko, ndipo ca PBS n'ca oonera a kwao. Kwa eni kulibe mkuwe.

Acinyamata adzakuuzani msanga kuti mankhwala ake alipo, ochedwa VPN. Kameneka ndi kapulogalamu kodutsitsa foni yanu pa kompyuta ya ku dziko lina, kuti tsambalo liganize kuti muli ku New York pamene muli pa Kapata. Nthawi zina zimatheka. Koma ine sindikulimbikitsani, pa zifukwa ziwiri. Coyamba, mwini nyumba ananena yekha amene afuna kuti alowe, ndipo kubvala nkhope ya wina kuti mlonda akutsegulireni si khalidwe loti tiphunzitse ana, ngakhale cimene tifuna m'katimo ciri cabwino. Caciwiri, ma VPN abwino ngolipira mwezi ndi mwezi, pamene aulere aja zonse zimene mucita pa foni zimadutsa m'manja mwa munthu amene simumudziwa, ndipo iye sagwira nchito yacifundo. Njira yoongoka ndi kulemba dzina la Roy Underhill pa YouTube, pamene mudzapeza zidutswa za nchito yake ndi makambidwe ake. Amene ali ndi mbale ku America angamupemphe ma DVD a pulogalamuyi, ngakhale ogwirapo kale nchito, kapena buku la Underhill la dzina lomwelo limene linatuluka mu 1981. Pa DVD funsani coyamba ngati makina anu amalandira za ku America, cifukwa nazonso zina zimatsekedwa monga mwa zigawo za dziko lapansi.

Pali mmisiri winanso amene angatseke mpata umenewu, ngakhale iye si wa pa wailesi ya kanema. Ndiye Paul Sellers wa ku England, amene amaphunzitsa nchito ya zida za manja pa YouTube mosabisa kanthu. Ciphunzitso cake cacikulu n'cakuti mipando, matebulo ndi makabati ambiri amamangidwa ndi malumikizidwe atatu okha, ndi zida zowerengeka. Cingerezi cake n'codekha, ndipo kamera imayandikira pa manja. Mnyamata amene sadziwa kunola puleni ndi chizulo ayambire pamenepo, pakuti cida cobuntha cimaononga thabwa ndi mtima womwe.

Tsopano za bandulo, pakuti apa ndi pamene makolo amadandaula. Kanema amadya kwambiri kuposa mau ndi zithunzi, koma kadyedwe kake mungakacepetse. Pa ngodya ya kanema pali kacizindikiro konga gudumu la mano. Mukakakhudza mudzapeza mau akuti Quality, ndipo m'munsi mwake manambala monga 144p, 360p, 480p, 720p ndi 1080p. Nambala ikakula cithunzi cimawala, bandulo nayo imatha msanga, mwakuti 1080p imadya mowirikiza kangapo kuposa 360p. Mukaisiya foni kuti isankhe yokha, kumene netiweki iri yamphamvu imakwera pamwamba osakufunsani. Zigawo za 1989 zinajambulidwa ndi makamera a nthawi imeneyo, motero pa kagalasi ka foni 360p kapena 480p ikwanira. Kwezani pokhapo pamene mmisiri akulemba mizere ya polumikizira, mukatero bwererani pansi. Ngati m'munsi mwa kanema muli muvi woloza pansi, mungamusunge m'foni pamene mwapeza Wi-Fi kapena bandulo yochipa ya usiku, n'kudzamuonera ku shopu kopanda kulipiranso. Pa gudumu lomwe lija palinso pocepetsera liwiro, kuti manja a mmisiri ayende pang'onopang'ono, ndipo zilembo za CC zimatulutsa mau ake olembedwa pansi pa cithunzi. Izi zimathandiza ndithu, cifukwa Cingerezi ca ku Boston si cija tinaphunzira kwa aphunzitsi athu a ku mishoni.

Ndiye mwamuona Norm Abram, mwakondwa, mwatenga kope. Apa m'pamene pagona nkhani, pakuti zimene mwaona zinapangidwira anthu a dziko lina. Miyeso yake yonse ndi ya mainchi ndi mafiti. Inchi imodzi ndi mamilimita 25.4, ndipo thabwa limene amalichula kawirikawiri, la magawo atatu mwa anai a inchi, ndi la mamilimita 19. Akalipentala athu ambiri mainchi amawadziwa, popeza matabwa pa msika timawaitanabe ndi maina monga thu-bai-fo. Koma cenjerani: thu-bai-fo wa ku America akapalidwa amatsala inchi imodzi ndi theka kwa mainchi atatu ndi theka, ndiye kuti mamilimita 38 kwa 89. Wa pa msika wathu amabwera monga anamucekera, wina wonenepa uku, woonda uko. Pimani thabwa limene liri m'manja mwanu, ndipo miyeso ya malumikizidwe icokere pa ilo. Sankhaninso mbali imodzi ya tepi, ya mainchi kapena ya mamilimita, n'kukhala nayo kufikira nchito itatha.

Shopu ya Abram inali yodzaza ndi makina: locekera, lopalira, loboolera, lina la nchito iyi, lina la nchito iyo. Mnyamata angathe kuona zimenezo n'kunena kuti popanda makinawo palibe cimene angapange. Aiwala kuti tebulo lakale lija limene Abram anali kukapima linapangidwa ndi munthu wopanda magetsi. Kwa Abram tengani kamangidwe ndi dongosolo la nchito, cimene ciyamba ndi cimene citsatira, ndipo kagwiridwe ka zida mukatenge kwa Underhill ndi Sellers. Tonse tikumbukira caka ca 2024, madzi atacepa ku Kariba, m'mene mashopu odalira makina anali kukhala cete mbali yaikulu ya tsiku, pamene wa puleni ya manja anali kupala monga mwa masiku onse. Ndipo wina asatume mbale kuti amugulire makina ku America asanafunse: magetsi a kumeneko ndi a mavoti 120, athu ndi a 230, ndipo makina olumikizidwa molunjika adzapsa nthawi yomweyo.

Cinthu cimodzi ca Abram ndifuna citengedwe cathunthu. Asanayatse makina, m'zigawo zake anali kuima n'kukumbutsa oonera kuti awerenge malangizo a cida ciri conse ndi kubvala magalasi oteteza maso. Anacita zimenezi caka ndi caka osatopa. Dziwaninso kuti pa mapulogalamu otere cochinga ca sowo nthawi zina cimacotsedwa kuti kamera ione bwino, ndipo zimenezo si zoti mutengere. Koposa zonse, mcitidwe umene wafala m'makomboni womanga sowo yozungulira ya matabwa pa gilainda ya zitsulo uleke. Gilainda imazungulira mothamanga kopambana, mano a sowo akagwira pa mfundo cida conse cimadumphira kwa wocigwira, ndipo dzanja la kalipentala ndilo munda wa ana ake.

Mitengo nayonso njosiyana. Oak, cherry ndi maple amene mudzamva akuchulidwa simudzawapeza pa msika wathu, ndipo palibe cifukwa cowafunira. Paini wa m'minda ya ku Copperbelt akwanira pa mashelefu ndi mabokosi, mbawa imalowa bwino pamene iwo aika mahogany, ndipo mlombwa, umene anzathu amauchula mukwa, ngwodziwika kuti supindika wamba ukauma. Bvuto lathu lalikulu ndi matabwa aawisi. Abram anali kugwira matabwa ouma kale, pamene paini wa pa msika nthawi zambiri amafika akali ndi madzi. Muunjikeni pa mthunzi, pamalo opita mphepo, ndi timitengo topingasa pakati pa thabwa ndi thabwa, mumupatse masabata ake. Ngakhale litauma, thabwa limafufuma m'mimba mwake nthawi ya dzinja n'kubwerera m'mwezi wa Okutobala, koma m'litali mwake silisintha kwenikweni. N'cifukwa cake mukayang'anitsitsa pamene amisiriwa akumanga pamwamba pa tebulo, mudzaona kuti samata ndi guluu kuzungulira konse. Amaboola ziboo zotalikirapo za masikuluwu, kapena amaika timatabwa tating'ono togwira m'ngalande ya m'mbali, kuti pamwambapo papeze poyendera. Mukafika pa malo amenewo imitsani kanema, mubwerere m'mbuyo pang'ono, ndipo kwezani cithunzi cifike pa 720p.