Phunziro la magazi ogula a ku Britain

Pali anzathu ena, makamaka ana aamuna, oti akangozula dzino kapena kugwa pampira, magazi sasiya kutuluka. Matendawa ndi haemophilia. Thupi lawo limasowa Factor VIII kapena Factor IX, zomwe zimathandiza magazi kuundana. Ena mwa mankhwala ake amapangidwa kuchokera ku plasma, madzi achikasu aja a m'magazi, ndipo amasakaniza plasma ya anthu zikwizikwi pamodzi.

Ndiye funso nali: plasmayo ichokere kuti?

Mu 1975 nduna yoona zaumoyo ku Britain, David Owen, idalonjeza kuti dzikolo lizidzipangira lokha mankhwalawa. Zidathera pakamwa. Adapitiriza kugula ku America, komwe makampani ankalipira anthu opereka plasma, kuphatikizapo akaidi ndi odzibaya mankhwala ozunguza bongo. Paja ikawola imodzi zonse zawola: munthu mmodzi wa kachilombo ankaipitsa mankhwala a anthu ambirimbiri.

Lipoti la Sir Brian Langstaff lomwe lidatuluka pa 20 May 2024 lidati anthu oposa 30,000 adatenga HIV kapena hepatitis C kudzera m'magazi ndi mankhwala opangidwa ku magazi, ndipo pafupifupi 3,000 adamwalira. Mwa omwe adatenga HIV, pafupifupi 380 adali ana.

Masiku ano plasma imayezedwa ndipo tizilombo amatipha popanga mankhwala, choncho ngozi ija idachepa kwambiri. Chatsala n'kudalira ena. Mankhwalawa ndi odula, ndipo odwala kuno kwathu amayang'anira thandizo lakunja. Likachedwa, mwana amagona ndi bondo lotupa, mwinanso kulumala.

Fakitale yotere sitingamange mawa, tisanamizane. Koma South Africa ili nayo: National Bioproducts Institute ku Pinetown imapanga Factor VIII kuchokera ku plasma ya opereka magazi mwaulere. Ife tikuti boma likambirane ndi anzathu a SADC kuti plasma yathu izikapangidwa mankhwala n'kubwerera kuno.

Koma plasmayo iyambe yapezeka. Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service limadalira kwambiri ana asukulu, ndipo akatsekera magazi amasowa. Inu amene mukuwerenga pafonipa, ngati muli bwinobwino, kaperekeni magazi, muitanenso anzanu a pagulupu ya WhatsApp. Bandulo simuonongapo yambiri.