ATSOGOLERI A MAWA AKULIRA M'MAKOPALETIVU A LERO

Mwezi wa October ukafika m'boma la Chongwe, makopaletivu ambiri amadzuka kutulo. Wapampando amasasa fumbi pa buku la maina, mamembala amasonkha ndalama, ndipo onse amayembekeza feteleza. Matumba akangotsitsidwa, bungwe limagonanso kufikira caka camawa. Bungwe lotere silingalere mtsogoleri, pakuti utsogoleri umaphunziridwa pogwira nchito mwezi ndi mwezi.

Mbiri ya dziko lino iphunzitsa kuti atsogoleri akuluakulu anayambira m'timabungwe tating'ono. Timagulu ta aphunzitsi, makalaliki ndi alaliki tinagwirizana m'caka ca 1946 kupanga Federation of African Societies, ndipo m'caka ca 1948 cigwirizano cimeneci cinasanduka Congress. A Kenneth Kaunda, asanakhale mlembi wamkulu wa Congress m'caka ca 1953, anali mlembi wa kabungwe ka alimi acinyamata ku Chinsali. M'timabungwe timeneti ndimo anthu anaphunzira kulemba zokambirana, kusunga ndalama za anzao, ndi kuvomereza pamene agonja pa voti.

Mbiri yomweyo icenjezanso. M'mwezi wa January 1965, pa msonkhano wa ku Chifubu mu Ndola, Pulezidenti Kaunda anapempha anthu kuti apange makopaletivu. Anthu anayankha mwacangu, ndipo Boma linapereka ngongole ndi mathirakitala. Koma pasanapite zaka zambiri oculuka a mabungwewo anagwa, ndipo cimodzi mwa zifukwa zake cinali cakuti ndalama zinafika msanga kuposa maphunziro. Lamulo latsopano la makopaletivu linadza m'caka ca 1970, Zambia Cooperative Federation inakhazikitsidwa mu 1973, ndipo Cooperative College inatsegulidwa mu Lusaka mu 1979. Ngakhale zinali tero, Boma litacotsa dzanja lake pa malonda a cimanga pambuyo pa 1991, mabungwe ambiri analephera kuima paokha. Pamene thandizo la feteleza wochipa linayamba mu 2002, lodzera m'magulu a alimi, kunabadwa makopaletivu ambiri amene colinga cao ndi thumba basi.

Nthenda yaikulu ndi iyi: munthu mmodzi amasunga cidindo, satifiketi, buku la ndalama ndi mndandanda wa maina m'nyumba mwake. Kawirikawiri sakhala wakuba ai. Amakhala munthu wakhama amene anayambitsa bungwe, ndipo anzake amamusiyira zonse cifukwa ca ulemu. Koma tsiku limene adwala, asamuka kapena amwalira, bungwe limatsikira naye kumanda. Makolo sananame ponena kuti mutu umodzi susenza denga.

Mankhwala ake safuna ndalama za ku Lusaka. Coyamba, udindo uliwonse ukhale ndi waciwiri wogwiradi nchito. Waciwiri kwa mlembi alembe zokambirana pa misonkhano ina, waciwiri kwa wapampando atsogolere msonkhano wapampandoyo ali pomwepo kumuongolera. Caciwiri, msungacuma awerenge ndalama zolowa ndi zotuluka pamaso pa mamembala onse, m'Cinyanja kapena m'Cisoli, kuti ngakhale agogo osadziwa kuwerenga athe kufunsa. Cacitatu, masankho acitike pa nthawi yolembedwa m'malamulo a bungwe, ndipo wocoka pampando apereke mabuku tsiku lomwelo.

Cacinai cikhudza amai ndi acinyamata. Amai ndiwo amalima gawo lalikulu la minda, koma m'makomiti ambiri amapatsidwa mpando wopanda mau. Anthu a ku Chongwe sayenera kukaika za utsogoleri wa amai, pakuti Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II anakhala pampando wa Asoli m'caka ca 1971, ndipo mau ao pa nkhani ya malo anamveka dziko lonse.

Akuluakulu ena amati kuphunzitsa mnyamata ndi kutaya nthawi, popeza Lusaka ili pafupi ndipo mawa adzakwera basi pa mseu wa Great East osabweranso. Nkhawa imeneyi ndi yoona. Koma mnyamata amene amaitanidwa kudzanyamula matumba okha alibe comusunga pamudzi. Iye amene wapatsidwa buku ndi cidaliro ali ndi cifukwa cokhalira. Ndipo bungwe likaphunzitsa atatu, mmodzi n'kupita, awiri atsala.

Malo ophunzirira ali pakhomo. Chalimbana yakhala ikuphunzitsa anthu kuyambira 1939, ndipo Kasisi Agricultural Training Centre, imene gulu la Cijezuiti linayambitsa mu 1974, yathandiza alimi ang'onoang'ono ambiri. Bungwe likapeza mwai wa maphunziro, lisatumize wapampando yemweyo caka ndi caka. Litumize amene adzalowa m'malo mwake, ndipo iyeyo pobwera afotokozere anzake zimene waphunzira.

Mau amenewa akhudza nthambi ya cipani, kalabu ya amai ndi gulu losunga ndalama mofanana. Pa msonkhano wa caka cino mamembala afunse wapampando wao funso limodzi: kodi ndani amene mwamukonzekeretsa kugwira buku ili inu mukadzapuma? Ngati palibe dzina lochulidwa, nchito yoyamba ya komiti ndi kupeza munthuyo mvula isanagwe.