Mawati a pa katoni ndi bodza

Ndakwiya, abale. Tidasonkha ndalama pasukulu pano n'kugula sipika ya pa asembule chifukwa "katswiri" wina wa pa YouTube adaitama kuti ndi ya mawati 3000 PMPO. Ana oima kumbuyo samva kanthu!

Ine ndimaphunzitsa fizikisi. Kuseri kwa sipikayi kwalembedwa kuti imadya mawati 60 basi. Ingatulutse bwanji mphamvu yoposa imene yadya? Ku America boma lidalamula kale mu 1974 kuti opanga azilemba mphamvu yokhazikika, ija timati RMS. Nanga katswiriyu sakudziwa? Ambiri otere amalandira katunduyo ulele, ndiye anganyoze bwanji wowapatsa?

Alimi a kuno kwa Mwase, mukagulitsa fodya ku Chinkhoma musathamangire zoonera pa foni. Funsani RMS, muiyatsire panja, mumve nokha musanalipire.