Okonza Mpikisano wa Panyanja Amvere Amalinyero ndi Asodzi

Mpikisano wa maboti a matanga pa Nyanja ya Malawi udayamba m'chaka cha 1984. Mabotiwa, omwe amaoneka ngati mabwato awiri omangidwa pamodzi, ankanyamuka ku Mangochi m'mwezi wa Julaye kulowera kumpoto, kudzera ku Senga Bay ndi ku Nkhotakota, mwera ukuwakankha.

Ngakhale kwathu ndi ku Mauwa, m'boma la Chiradzulu, kutali ndi nyanja, ndikuona kuti mpikisano wotere sungayende bwino ngati okonza ake sakumvera amalinyero. Iwowa ndi amene amadziwa tsiku lomwe ulendo udatalika mopyola muyeso, pomwe mafunde adagubuduza maboti, ndiponso pomwe boti lopulumutsa anthu lidachedwa. Azifunsidwa mpikisano ukangotha, asanaiwale.

Koma asafunsidwe iwo okha. Asodzi amasiyanitsa mwera, mpoto, vuma ndi zambwe, ndipo amadziwa zizindikiro za mphepo iliyonse isanafike. Nzeru zimenezi zili m'Chichewa, m'Chiyao ndi m'Chitonga. Zokambirana zikachitika m'Chingerezi chokha, msodzi amatsala panja pamodzi ndi nzeru zoti zikadapulumutsa moyo wa mlendo. Ife ophunzira zilankhulo tikhale omasulira pa misonkhano yotereyi.